Mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo pa 4x4 yanga: momwe ntchito ikuyendera

Sabata yoyamba

Chandiyambitsa ntchitoyi ndi zomwe zinandichitikira pa matsitso ena a miyala masiku apitawa. Ndinkatsika pang'onopang'ono, kumbuyo kuli katundu wosalemera kwenikweni, ndipo patsogolo panali kona. Nditaponda buleki n'kukhotetsa chiwongolero, galimoto sinakhote. Inangopitirira molunjika, matayala akutsogolo ataloka n'kumakhwekhwereza pamiyala. Nditachotsa phazi pa buleki anayambanso kuzungulira, galimoto n'kukhota. Sindinagunde chilichonse, koma mtima unangoti myuu. Nditatsika kukayang'ana ndinaona kuti miyala yakokedwa ndi matayala akutsogolo okha. Akumbuyo anangodutsa pamwamba n'kusiya zidindo zawo zooneka bwino, ngati kuti buleki sinawakhudze n'komwe.

Galimotoyi ndi pikapu yakale ya 4x4, yopanda ABS (makina oletsa matayala kuloka ukaponda buleki mwamphamvu). Kutsogolo ili ndi madisiki, kumbuyo madiramu. Chaka chatha ndinasinthapo zinthu ziwiri: ndinaikweza ndi mamilimita 50 poika masipuling'i ena, ndipo ndinachotsa matayala a mainchesi 31 n'kuika a mainchesi 33. Kuyambira pamenepo mabuleki akhala akundikayikitsa, kungoti ndinkazengereza.

Za matayalazo n'zosavuta kuzimvetsa. Buleki imagwira pafupi ndi pakati pa wilo, pomwe msewu umakoka kunja kwa tayala. Tayala likakula, msewu umakhala ngati wapatsidwa sipanala yaitali. Kuchoka pa 31 kufika pa 33, mphamvu yomwe imafika pansi imachepa ndi magawo pafupifupi 6 pa 100 alionse, phazi likuponda chimodzimodzi. Amene amaika a mainchesi 35 amataya pafupifupi magawo 11. Komanso tayala lalikulu n'lolemera, ndiye kuliimitsa lokhalo ndi ntchito ina.

Maganizo anga panopa ndi ogula makalipa (zitsulo zofinyira mapadi pa disiki) akuluakulu ndi mapadi amphamvu a kutsogolo. Aliyense amene ndalankhula naye akunena zofanana, zoti mabuleki akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yambiri, pafupifupi 70 peresenti, ndiye ndalama ziyenera kupita kumeneko. Koma sindigula kanthu ndisanayese galimotoyi pamalo otetezeka n'kuona ndi maso chomwe chikuchitika pa wilo lililonse.

Sabata yachiwiri

Mlamu wanga wandithandiza. Tinapeza malo afulati a dothi ndi timiyala, kopanda anthu ndi magalimoto ena. Tinalemba mizere ya choko m'mbali mwa matayala onse anayi kuti munthu woima chapatali athe kuona lomwe lasiya kuzungulira. Ine ndinkayendetsa pa liwiro la makilomita 30 pa ola, galimoto ili mu 2H (injini ikuzunguza matayala akumbuyo okha), n'kuponda buleki mwamphamvu ndikafika pa chizindikiro. Alamu anaima kumbali n'kumayang'ana, ulendo wina kumanzere, ulendo wina kumanja.

Ulendo uliwonse matayala akutsogolo ankaloka msanga. Akumbuyo sanaloke ngakhale kamodzi, ngakhale nditaponda ndi mphamvu zanga zonse mpaka msana kukanikiza mpando. Titamaliza, madisiki akutsogolo ankatulutsa kutentha komveka dzanja lili patali, pomwe madiramu akumbuyo anali ofunda chabe, oti n'kuwagwira bwinobwino.

Usiku umenewo ndinakanika kugona. Ngati matayala akutsogolo akuloka, ndiye kuti mabuleki akutsogolo ali kale ndi mphamvu yoposa yomwe tayala lingagwiritse ntchito padothi. Kalipa wamkulu angochititsa kuti aziloka msanga kuposa panopa. Chomwe chikuimitsa galimoto ndi kugwirana kwa tayala ndi nthaka, ndipo ine ndikugwiritsa ntchito matayala awiri okha mwa anayi.

Ndinatenga pepala n'kuwerengera. Manambala awa ndi ongoyerekezera kuti nkhani imveke, koma sali kutali ndi a pikapu wamba. Tinene kuti galimoto ikulemera makilogalamu 2,000, ndipo ikaima 1,100 ali pa ekiselo yakutsogolo, 900 pa yakumbuyo. Pakati pa maekiselo awiriwa pali mamita 3, ndipo malo omwe kulemera kwake konse kumakhazikika, omwe pachingerezi amati centre of gravity, ali masentimita 75 kuchoka pansi. Ukamanga mabuleki, galimoto imagwada chakutsogolo, kulemera kwina kumachoka kumbuyo n'kupita kutsogolo. Kuchuluka kwa kulemera kosamukako kumadalira momwe galimoto ikuimira mwamphamvu, kutalika kwake kuchoka pansi, ndi mtunda wa pakati pa maekiselo.

Pa phula louma, tayala labwino limagwira ndi mphamvu yofika pafupifupi magawo 7 pa 10 a kulemera komwe lasenza. Pamenepo makilogalamu 350 amasamukira kutsogolo: kutsogolo 1,450, kumbuyo 550. Ndiye magawo 72 kutsogolo, 28 kumbuyo. Apa ndi pomwe pachokera 70 peresenti yomwe anthu amanena ija, ndipo ndi yoona. Koma ndi yoona pa phula. Pamatope kapena dothi loterera, pomwe tayala likugwira mwina magawo atatu okha pa 10, galimoto singaime mwamphamvu, ndiye singagwadenso kwambiri. Amasamuka ndi makilogalamu 150 okha: kutsogolo 1,250, kumbuyo 750. Gawo la kumbuyo lakwera kufika pa 37. Tsopano ikani katundu wa makilogalamu 600 pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Pamatope omwewo maekiselo awiriwa amasenza pafupifupi chimodzimodzi, theka ndi theka.

Ndinabwereza kuwerengerako katatu poganiza kuti ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Msewu ukamaipa ndiponso katundu akamachuluka, ndi pamene mabuleki akumbuyo amafunika kwambiri. Ndipo galimoto yanga ndinaigulira misewu yoipa ndi katundu. Zogula makalipa ndaziimika kaye.

Sabata yachitatu

Ndatsegula madiramu. Kunja ankaoneka abwinobwino, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Diramu lakumanzere linali lodzaza matope ouma osakanikirana ndi fumbi la mashuzi (zigawo zomwe zimakhuza diramu mkati). Ajasita, kachitsulo ka mano komwe kamasendeza mashuzi kufupi ndi diramu akamatha, kanali kataumiratu ndi dzimbiri. Choncho mashuzi anali patali, ndipo gawo lalikulu la kuponda kwanga linkathera pongowafikitsa pa diramu. Kumanja kunali koipa kuposa apa. Oil seal (labala loletsa mafuta kutuluka) ya pa ekiselo inkadontha, mafuta a difu (magiya a pakati pa ekiselo) n'kunyowetsa mashuzi onse awiri mpaka kuda bii ndi kuterera. Mashuzi omwe amwa mafuta sachapika. Anthu ena amawatsuka ndi petulo kapena kuwawamba pamoto, koma mafuta amakhala atalowa mkati ndipo amatulukanso akatentha. Ndawataya.

Ndayang'ananso chomwe chinachititsa kudonthako. Kapaipi kopumira ka pa difu kanali katatsekeka ndi dothi. Difu ikatentha mpweya wa mkati umafufuma, ndipo ukasowa potulukira umakankha mafuta kudzera pa oil seal. Ndikanangosintha oil seal osatsegula kapaipiko, ndikanabwereranso pomwepa miyezi ingapo ikubwerayi.

Zomwe zachitika sabata ino: oil seal zatsopano mbali zonse, mashuzi atsopano mbali zonse, masilinda a m'mawilo atsopano chifukwa imodzi inali itayamba kunyowa pansi pa labala, maajasita otsukidwa ndi kupakidwa girizi wopirira kutentha. Ndasendeza mashuzi mpaka kuyamba kukhudza diramu, kenako n'kubweza pang'ono. Tabilida mabuleki (kuchotsa mpweya m'mapaipi) kuyambira wilo lakutali ndi masita silinda (pampu yomwe chopondera chimakankha), alamu akupopa, ine ndili pansi ndi sipanala.

Chopondera chakwera ndipo chalimba. Handibuleki, yomwe ndinkaikoka mpaka kumapeto, tsopano ikugwira msanga.

Sabata yachinayi

Tinabwerera pamalo oyesera aja ndili ndi chiyembekezo chachikulu. Zasintha, koma pang'ono. Madiramu ayamba kutentha, galimoto ikuima msanga kuposa kale, koma matayala akutsogolo akulokabe akumbuyo ali kutali. Tinaika matumba a mchenga kumbuyo, koma kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri. Izi zinandidabwitsa chifukwa zigawo zonse za kumbuyo n'zatsopano.

Ndinapita kwa amakanika ena achikulire omwe akhala akukonza magalimoto a mtunduwu zaka zambiri. Ndinawafotokozera zonse. Sanatsegule boneti. Anagwada kumbuyo kwa galimoto, n'kuyang'ana pansi kanthawi, kenako anandikodola.

"Achimwene, galimotoyi munaikweza?"

"Eya bambo, ndi mamilimita 50."

"Nanga valavu iyi munaiuza kuti mwaikweza?"

Anandionetsa kachitsulo komangidwa pa chasisi, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, komwe paipi ya mabuleki imalowa n'kutulukanso. Kuchokera pamenepo pali kandodo ka sipuling'i kopita pa ekiselo. Dzina lake ndi load sensing proportioning valve, mwachidule LSPV, ndipo mapikapu ambiri akale opanda ABS ali nayo. Ine ndinkaiona nthawi zonse ndikalowa pansi pa galimoto koma sindinaiganizirepo.

Ntchito yake ndi kuyeza katundu. Ukalongedza katundu, masipuling'i amaphwa, chasisi imatsikira kufupi ndi ekiselo, kandodo kaja kamakankha valavu, ndipo valavu imalola pulesha yambiri kupita ku mabuleki akumbuyo. Galimoto ikakhala yopanda kanthu, chasisi imakwera, valavu imachepetsa pulesha kuti matayala akumbuyo, omwe pamenepo ndi opepuka, asaloke. Ndi nzeru yabwino kwambiri, yopanda waya kapena kompyuta. Koma valavuyi siiona katundu, imangodziwa mpata wa pakati pa chasisi ndi ekiselo. Pomwe ndinakweza galimoto ndi mamilimita 50, ndinakulitsa mpata umenewo, ndipo kuyambira tsiku limenelo valavu yakhala ikuganiza kuti galimoto ndi yopepuka kuposa momwe ingapepukire. Ngakhale nditalongedza matumba a mchenga, masipuling'i atsopanowa ndi olimba, chasisi imatsika pang'ono chabe, osafika n'komwe pomwe inkakhala kale ilibe katundu. Kwa chaka chathunthu mabuleki akumbuyo akhala akulandira pulesha yochepetsetsa. Mwina n'chifukwa chakenso maajasita anauma osadziwika: kunalibe ntchito yoti ndizindikire kuti yasiya kugwirika.

Zinandiwawa kuti amene anandiikira masipuling'i sananditchulire zimenezi. Koma galimoto ndi yanga, ndipo ndimanyamulamo anthu, ndiye kufunsa kunali kwa ine.

Kukonza kwake n'kokweza pomwe kandodo kamamangidwa pa ekiselo, ndi muyeso womwewo womwe galimoto yakwera. Ndadula chitsulo chafulati chochindikala n'kuboola mabowo. Amakanika aja anandikumbutsanso kuti valavuyi ili ndi kabawuti kake kobilidira, komwe ine ndi alamu tinakadumpha sabata yatha. Titakatsegula munatuluka thovu ndi mafuta akuda.

Sabata yachisanu

Apa ndalakwitsa, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa cholakwa ichi n'choopsa kuposa vuto lomwe ndinayamba nalo. Pa bulaketi ija ndinaboola mabowo awiri, lina pa mamilimita 50, lina pa 70. Ndinamanga pa 70, poganiza kuti popeza ndikufuna mabuleki akumbuyo amphamvu, kuwonjezerako pang'ono sikungaononge kanthu. Padothi zinaoneka bwino zedi. Galimoto inaima msanga, matayala onse anayi akukumba.

Kenako kunagwa mvula, ndipo tinakayesa pa phula lonyowa, pabwalo lalikulu lopanda kanthu, galimoto ilibe katundu. Pa makilomita 40 pa ola ndinaponda mwamphamvu. Matayala akumbuyo analoka akutsogolo asanaloke, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunayamba kuthawira kumanja. Pomwe ndinkabweza chiwongolero n'kuti galimoto itapingasa kale. Pabwalopo panali malo okwanira. Pamsewu pakanakhala ngalande kapena galimoto ina.

Tayala lomwe laloka silisankha kolowera, limatsetserekera kulikonse komwe lakankhidwira. Akaloka akutsogolo, chiwongolero chimasiya kugwira ntchito koma galimoto imapita molunjika, chifukwa akumbuyo omwe akuzungulirabe amaisunga mumzere. Ukachotsa phazi, zonse zimabwerera. Akaloka akumbuyo, palibe chosunga kumbuyoko, ndipo kupatuka kulikonse kwakung'ono kumakula kokha mpaka galimoto kutembenuka. Pa galimoto yaitali kuchoka pansi ngati yangayi, kupingasa pa liwiro kumatha ndi kugubuduzika tayala likakodwa penapake. Ndiye chifukwa chake opanga magalimoto amapendeketsa mabuleki dala kuti akutsogolo aziloka poyamba. Sikuti amanyoza mabuleki akumbuyo. Anasankha choipa chocheperapo.

Choncho cholinga changa ndachikonza. Sindikufuna mabuleki akumbuyo amphamvu kwambiri. Ndikufuna kuti akutsogolo aziloka poyamba nthawi zonse, pa phula ndi padothi, ndi katundu kapena popanda, koma akumbuyo azikhala atatsala pang'ono kwambiri kuloka. Mpata umenewo ndiwo ndikuusaka. Ndabweza bulaketi pa 50, ndipo bowo la 70 ndaliwotcherera kuti wina asadzaligwiritse ntchito. Tayesanso pa phula lonyowa kangapo: akutsogolo akuyamba, galimoto ikuima molunjika. Padothi ndi matumba a mchenga, alamu akuti mizere ya choko ya kumbuyo ikuchita ngati ikudodomadodoma pomwe akutsogolo aloka. Ndi zomwe ndimafuna.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Mayeso onse mpaka pano anali a mu 2H. Sabata ino taloka mahabu akutsogolo (kulumikiza mawilo akutsogolo ndi ekiselo yake) n'kuika mu 4H (injini ikuzunguza matayala onse anayi), ndipo nkhani yasinthiratu. Pa 4x4 ya mtundu uwu, yopanda difu yapakati, transfer box (bokosi la magiya logawa mphamvu ya injini kutsogolo ndi kumbuyo) imamangirira propshaft (chitsulo chopititsa mphamvuyo ku ekiselo) yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti zizizungulira limodzi. Ndiye ekiselo yakutsogolo singaime yakumbuyo ikuzungulira. Mabuleki akutsogolo akagwira mopitirira zomwe matayala awo angakwanitse, mphamvu yotsalayo imadutsa m'ma propshaft n'kukagwira matayala akumbuyo. Padothi galimoto inaima bwino kuposa mayeso onse am'mbuyomu, ndipo pomwe ndinaponda mopitirira, matayala analoka pafupifupi nthawi imodzi.

Tsiku lija la pa matsitso a miyala ndinali mu 2H, chifukwa ndinkaganiza kuti 4x4 ndi yokwerera mapiri ndi kutulukira m'matope basi. Ndikanakhala mu 4L (4x4 ya magiya otsika, oyenda pang'onopang'ono), giya yoyamba, injini ikanagwira matayala onse anayi, mwinanso buleki sindikanaiponda n'komwe. Komabe izi sizichotsa kufunika kwa ntchito yomwe ndagwira, chifukwa pa phula louma sungayende mu 4H ndi galimoto yotereyi. Pokhota, maekiselo awiri amayenda mitunda yosiyana, ndipo popanda poterera zitsulo zimapotana mpaka china kuthyoka.

Chomwe ndinkafunitsitsa kuyesa ndi kubwerera chambuyo pa chitunda. Aliyense woyenda m'misewu ya m'tchire zimamuchitikira: wakwera kufika pakati, matayala ayamba kupala, galimoto yakana, uyenera kutsika chambuyo. Pamenepo zonse zimatembenuka. Ekiselo yakumbuyo ndiyo ili kumunsi, ndiyo yasenza. Ndi manambala anga aja, pa chitunda cha madigiri 25 kutsogolo kumatsala magawo 43 okha a kulemera, kumbuyo 57, usanaponde n'komwe buleki. Koma mabuleki sadziwa zimenezo, amapitiriza kupereka mphamvu yambiri kutsogolo komwe kwapepuka.

Tinasankha kachitunda kakafupi ka dothi, kokhala ndi malo afulati pansi pake. Mu 2H, ndikutsika chambuyo ndi buleki yokha, matayala akutsogolo analoka ndikungokhudza chopondera, ndipo mphuno ya galimoto inayamba kutsetserekera m'mbali. Chiwongolero chinalibe ntchito. Pa chitunda chachitali apa ndi pomwe galimoto imapingasa n'kugwa chammbali. Mu 4L, giya ya rivesi italowa, kilachi nditaisiya, mapazi onse ali pambali, galimoto inatsika yokha mwakachetechete ndipo chiwongolero chinkamvera. Phazi limafuna kuthamangira pa kilachi ndi pa buleki, ndipo kuliletsa n'kovuta kuposa momwe ndinkaganizira. Ndabwereza kasanu ndi kamodzi kuti thupi lizolowere.

Handibuleki nayo ili m'nkhani yomweyi. Pa pikapu yanga imakoka mashuzi akumbuyo okha. Galimoto ikayang'ana kumunsi pa matsitso oterera mu 2H, matayala akumbuyo amakhala opepuka ndipo imatha kutsetsereka handibuleki ili chikokere. Mu 4L imagwira maekiselo onse kudzera mu transfer box. Land Rover Defender yakale inapangidwa mosiyana: handibuleki yake ndi diramu lomwe lili kumbuyo kwa transfer box, limagwira propshaft osati mawilo. Imagwira mwamphamvu, koma siyokoka galimoto ikuyenda, ndipo ukanyamula wilo limodzi lakumbuyo ndi jeke osaika miyala kumatayala ena, galimoto imatha kusuntha chifukwa difu imalola.

Alamu anafunsa ngati ABS ikanathetsa zonsezi. Pa phula ndi pokhota, ABS ndi chinthu chabwino kwambiri, ndipo magalimoto atsopano amagawa pulesha ya kutsogolo ndi kumbuyo ndi kompyuta m'malo mwa valavu ya kandodo. Koma pa timiyala ndi pamchenga, tayala loloka limaunjika mulu patsogolo pake womwe umathandiza kuimitsa galimoto, ndipo ABS ya pamsewu imalimasula mulu usanapangike, mtunda woimira n'kutalika. N'chifukwa chake ma 4x4 ena amasintha kagwiridwe ka ABS kapena kuizimitsa ukalowa mu 4L kapena ukaloka difu. Land Rover inabweretsa Hill Descent Control pa Freelander mu 1997, yomwe imamanga wilo lililonse palokha potsika, makamaka chifukwa galimotoyo inalibe magiya a 4L. Yanga ilibe zonsezi, ili ndi giya yotsika ndi phazi langa.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Sabata ya kutentha. Mabuleki amasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo anthu ambiri timaopa liwiro n'kuiwala kutalika kwa phiri. Kutsika mamita 300 kuchoka pamwamba kufika pansi, ngakhale pang'onopang'ono, kumapatsa mabuleki kutentha kofanana ndi kuimitsa galimoto yomweyo kuchoka pa makilomita 60 pa ola maulendo oposa 20, ngati injini sikuthandiza. Ndipo pa liwiro la kamba palibe mphepo yoziziritsa madisiki. Chaka chonse chathachi kutentha konseko kumathera pa madisiki awiri akutsogolo. Mapadi omwe ndachotsa akuchitira umboni: pamwamba pake pali ngati galasi, m'mphepete mwayamba kunyenyeka.

Kufooka kwa mabuleki chifukwa cha kutentha kuli mitundu iwiri, ndipo phazi limatha kusiyanitsa. Mapadi akapsa, chopondera chimakhala cholimba koma galimoto siima. Mafuta a mabuleki akawira, mumapaipi mumapangika nthunzi, chopondera chimafewa n'kumira mpaka pansi. Madiramu ali ndi vuto lawolawo: akatentha amafufuma n'kutalikirana ndi mashuzi, chopondera n'kumapita patali.

Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya pakapita nthawi. Ali m'magulu otchedwa DOT: DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205 a Celsius, koma ikayamwa madzi okwana pafupifupi 3.7 peresenti malirewo amatsika kufika pa 140. Ya DOT 4 ndi 230 ikakhala yatsopano, 155 ikayamwa madzi. Galimoto yowoloka mitsinje siyenera kudikira zaka zambiri. Ndachotsa onse akale n'kuthira DOT 4 mpaka pa wilo lililonse ndi pa valavu patatuluka oyera. DOT 5 ndi ya silikoni, siisakanikirana ndi enawa, ndipo nambala yake yokulirapo isakunyengeni.

Kutsogolo ndaika mapadi abwino a saizi yake yomweyo, pa makalipa omwewo, nditatsuka mapini otsetserekera omwe imodzi mwa iwo inali itayamba kulimba. Ndawazoloweretsa ndi madisiki poima mobwerezabwereza mosaponda kwambiri, osaimiratu, kenako kuyenda kuti azizire. Pa matsitso aatali, mu giya yachiwiri, ndikuponda mwa apo ndi apo m'malo mogoneka phazi pa chopondera, ndinafika pansi chopondera chili cholimba ngati pamwamba. Madiramu anali otentha ndithu, osagwirika.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Tinawoloka madzi ofika pakati pa mawilo, n'kuyesa mabuleki titangotuluka. Madisiki anauma atangozungulira kangapo. Madiramu anatenga nthawi, ndipo pa kuponda koyamba galimoto inakhalanso ngati ya masabata apitawo, kutsogolo kokha kukugwira. Kuyenda pang'onopang'ono phazi lamanzere litakhudza buleki kwa mamita angapo kunawaumitsa. Madzulo ndinatsegula diramu limodzi n'kupeza timchenga talowa kale. Ndiye ntchito yotsegula ndi kutsuka madiramu izikhala ya nthawi iliyonse ndikachoka m'matope akuya, osati ya pachaka.

Izi zadzutsa funso loika madisiki kumbuyo. Ubwino wake ndi woti amadzitsuka okha, sasowa ajasita, ndipo amataya kutentha msanga. Koma si nkhani yongomanga. Makalipa amafuna mafuta ochuluka kuposa masilinda a madiramu, ndiye masita silinda imatha kuchepa. Magalimoto ena a madiramu ali ndi kavalavu kosunga pulesha pang'ono mumapaipi, komwe pa madisiki kamachititsa mapadi kumangokhuza. LSPV inapangidwira madiramu, ndiye kugawana komwe ndakuvutikira masabata onsewa kuyenera kuyambidwanso. Handibuleki ya pa kalipa nthawi zambiri siigwira ngati ya diramu, ndipo pa chitunda ndimaidalira. Pakadali pano madiramu akhala.

Patuluka kanthu kena katsopano. Ndikayenda mtunda wautali pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono osaponda buleki, kuponda koyamba kumapita patali, kwachiwiri n'kubwerera mwakale. Ndanyamula kutsogolo ndi jeke n'kugwedeza mawilo: lakumanzere likugwedera pang'ono. Bering'i ikakhwefuka, disiki imayenda uku ndi uku n'kukankhira mapadi mkati mwa kalipa, ndiye kuponda koyamba kumangowabweza pamalo pake. Loweruka ndimasula habu imeneyo, ndione ngati bering'i ikungofuna kumangitsa kapena yatha. Mapaipi a labala a mabuleki nawonso ndawaona kuti amakokeka kwambiri ekiselo yakumbuyo ikalendewera mpaka kumapeto, chifukwa ndi a muyeso wa galimoto isanakwezedwe. Ndayeza kutalika komwe kukufunika ndipo ndaitanitsa aatali. Akafika tibilidanso, kenako tibwerere pabwalo la phula lonyowa, galimoto yopanda katundu, thanki ili pafupi kutha, chifukwa pamenepo ndi pomwe kumbuyo kumapepuka kwambiri.